Tifunseni: Kukagona m'tenti ndi banja pa mtengo wosaboola m'thumba

Makalata ambiri mwezi uno akhudza za maulendo okagona panja: kumisasa ya mpingo, kunyanja ndi kumapiri. Chikudetsa nkhawa anthu ndi mtengo wa katundu, poti pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake sinabwererenso pansi. Tasankhapo makalata asanu.

Akonzi, tili anthu asanu m'banja mwathu. Mu Ogasiti tikupita kumsonkhano wa misasa kwa sabata yathunthu, ndipo mu Disembala tikufuna tikaone nyanja ku Senga Bay. Nditalowa m'sitolo ndinaona tenti, zikwama zogonamo, mipando yopinda, tebulo ndi chitofu cha gasi, mutu mpaka kuima. Ndiyambire pati? — Mayi wa ana atatu, Area 25, Lilongwe

Mayi, pa zonse mwatchulazo chofunika ndalama yanu ndi tenti yokha. Mipando, tebulo, mbale, mapoto ndi zofunda zili kale m'nyumba mwanu, ndipo mkeka umagwira ntchito ya mpando ndi tebulo pamodzi.

Ngakhale tentiyo, ulendo wa mu Ogasiti musagule. Bwerekani kwa anzanu a mumpingo kapena chitani hayala. Mwezi umenewo mvula kulibe, choncho tenti iliyonse yosang'ambika ikukwanirani, ndipo mukagonamo masiku asanu ndi awiri mudzadziwa nokha kukula komwe banja lanu likufuna. Masamu ake ndi apafupi: gawani mtengo wogulira ndi mtengo wa hayala pa usiku umodzi. Tinene kuti tenti ili pa K300,000 ndipo hayala ndi K15,000 pa usiku; mufunika kugonamo mausiku 20 kuti ndalama yanu ibwerere. Banja lopita kumisasa chaka ndi chaka lifika pamenepo m'zaka zitatu, ndiye kugula kuli ndi phindu. Amene amapita kunyanja mausiku awiri pachaka, hayala ndiye yabwino.

Mukafika pogula, musanyengedwe ndi nambala ya anthu yolembedwa pachikwama. Opanga amawerengera munthu mmodzi malo okwana pafupifupi masentimita 60 m'lifupi, anthu atagona mothithikana, popanda chikwama ngakhale chimodzi. Banja la anthu asanu lifunika tenti yolembedwa anthu 6 kapena 7. Ife timalangiza matenti awiri aang'ono ozungulira, a anthu atatu kapena anayi iliyonse, m'malo mwa chitenti chimodzi chokhala ndi zipinda. Aang'ono savuta kuimika, sagwa msanga ndi mphepo, ndipo ana akasinkhuka amafunika pogona pawokha monga mwa mwambo wathu.

Za mu Disembala ndiye zina, poti ndi dzinja. Fufuzani tenti ya nsalu ziwiri, yamkati ndi chophimba chapamwamba chofika mpaka pansi. Ya nsalu imodzi imanyowa mkati ngakhale kunja kusakugwa mvula, chifukwa mpweya umene mukupuma umasanduka madzi ukagunda nsalu yozizira. Yang'ananinso nambala yothera ndi "mm", imene imasonyeza mphamvu ya nsalu poletsa madzi. Yochepera 1,500mm isiyeni; pa mvula yathu ya mabingu, 2,000mm mpaka 3,000mm ndiye yoyenera.

Ndaona matenti ogwiritsidwa kale ntchito pakaunjika komanso pa Facebook, mtengo wake wotsika kwambiri. Ndingadziwe bwanji kuti sindikugula chinthu chakutha? — Bambo wa ku Chilomoni, Blantyre

Bambo, yakale yabwino imaposa yatsopano yotchipa, koma musapereke ndalama tenti ili m'chikwama. Iimikeni yonse pomwepo, masana. Wogulitsa akakana, pitani kwina.

Yambani ndi mphuno. Tenti yomveka fungo lowawasa ngati mkaka wosasa ndiye kuti utoto woletsa madzi, wopakidwa kunsi kwa nsalu, wayamba kuwola. Pitsani dzanja kunsiko: mukamva kunanda, kapena pakagwa tizidutswa toyera ngati mfundu za m'mutu, tentiyo yatha, ndipo kuikonza kwake kumadya ndalama yoposa mtengo wake. Kenako gwirani nsalu ya padenga ndi manja awiri n'kukoka pang'ono. Dzuwa limapsereza nsalu za mtundu umenewu. Yofwifwa, youma gwaa ndi yolira ngati pepala ing'ambika ndi mphepo yoyamba. Mavuto awiriwa alibe mankhwala.

Ena onse ndi okonzeka, ndipo ndi pamene munganenerere mtengo. Zipi yotseguka kumbuyo mukaikoka nthawi zambiri mano ake amakhala abwino, chatha ndi kachitsulo koyendetsa kaja. Kabwezeni koyambira, kapanikizeni pang'onopang'ono ndi pulayazi mbali zonse ziwiri, yesani, n'kupanikizanso ngati pakufunika. Mukapanikiza kwambiri kamodzi kamathyoka. Mukatero pakani kandulo m'mano a zipiyo. Kachitsulo kakathyoka, atelala osoka zikwama pamsika amasintha pa ndalama yochepa.

Timitengo topindika toimikira tenti timakonda kusweka kumapeto, polowera m'kachitsulo. Kambiri timakhala ta mamilimita 7.9, 8.5, 9.5 kapena 11 kunenepa kwake, choncho yesani musanakafune kolowa m'malo. Ichi n'chifukwa chake tenti yong'ambika ya mtengo wa bwerera nthawi zina imayenera kugulidwa chifukwa cha timitengo take tokha. Podula kamtengo kuti kafanane ndi kanzake, yambani mwakulunga tepi podulapo, apo ayi kamanyenyeka, ndipo zobaya zake zikalowa m'chala sizituluka msanga. Kakathyokera kuulendo, lowetsani kapaipi kachitsulo kotalika masentimita 12 pothyokapo n'kumanga ndi tepi. Lastiki wamkati akafooka, gulani wina wa mamilimita 2 kapena 3, mum'dule kuti achepe ndi pafupifupi kotala poyerekeza ndi kutalika kwa timitengo tonse titalumikizidwa.

Chomaliza ndi misoko. Lowani mkati, wina athire madzi a m'ndowa padenga. Pakadontha pamsoko pokha, sakanizani silikoni woonekera, uja amamatira magalasi, ndi thapentaini mpaka apyapyale ngati mafuta ophikira, mupake ndi kaburashi kunja kwa msoko, muusiye tsiku lathunthu pamthunzi. Koma madzi akamalowa paliponse pansalu, bwezani tentiyo. Bowo laling'ono la neti ya pakhomo lisokeni ndi singano musananyamuke. Kunyanja ndi kuchigwa cha Shire udzudzu sulekerera, ndipo masikito a kunyumba muwatenge ndithu.

Tinapita ku Cape Maclear mu Julayi. Usiku kunawomba chimphepo, zikhomo zonse zinazuka, tenti n'kutigwera. Kodi tigule tenti yodula? — Mphunzitsi, Balaka

Ayi aphunzitsi, tenti yanu ilibe mlandu. Munakumana ndi mwera, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene imalimba panyanja m'miyezi yozizira, ndipo tizikhomo tawaya tobwera ndi tenti sitigwira mumchenga.

Pitani kwa owotcherera zitsulo akudulireni chitsulo chomangira nyumba cha mamilimita 8, zidutswa za masentimita 30, mbali ina asongole, ina apinde ngati ndodo ya agogo. Zikwana 12 mpaka 16 pa tenti imodzi. Pokhoma, mutu wa chikhomo upendekere kutali ndi tenti, osati chilili. Pamchenga wofewa ngakhale zimenezi zimazuka. Pamenepo mangani chingwe pakati pa kamtengo kotalika ngati mkono, kumbani dzenje lakuya masentimita 30 kapena 40, goneketsani kamtengoko chopingasa, kwirirani n'kupondaponda. Thumba la ufa lodzaza mchenga n'kulikwirira limagwiranso chimodzimodzi.

Zingwe za m'mbali zija anthu ambiri amazisiya zikulendewera, chonsecho ndizo zimachirikiza timitengo. Zimangeni zonse, ndipo pakati pa chingwe ndi chikhomo ikanipo mphira ya chubu cha njinga kuti mphepo ikakankha chingwe chizitamuka m'malo mong'amba nsalu. Khomo liyang'ane kumene mphepo ikupita.

Pansi pa tenti yalani pulasitiki wakuda wa pa hadiweya, uja amayala pomanga nyumba. Mum'dule kuti achepe ndi masentimita 5 mbali zonse. Akatulukira kunja amalandira madzi ochokera padenga n'kuwalowetsa pansi pa matiresi anu.

Tikufuna kupita ku Nyika mu Juni ndi ana awiri. Zikwama zogonamo ndi zodula kwambiri. Kodi mabulangete sangakwane? Nanga tingaike mbaula m'tenti kuti tifunde? — Mayi wa ku Katoto, Mzuzu

Tiyambe ndi mbaula, mayi, poti apa pali moyo wa ana anu. Musaike mbaula, chitofu cha gasi kapena nyali ya parafini m'tenti, ngakhale makala ataoneka ngati azima, ngakhale khomo litakhala lotsekula pang'ono. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo ndi wosaoneka. Munthu amamva mutu, chizungulire ndi tulo, n'kupitirira osadzukanso, ndipo ana ndiwo amayamba kugonja. Kuwonjezera apo nsalu ya tenti imayaka ngati jumbo. Otherani moto panja, pa mtunda wa mamita atatu kapena kuposa.

Ku Chelinda, kumene alendo a ku Nyika amagona, n'kokwera mamita oposa 2,000, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa mpaka udzu kuyera m'mawa. Mabulangete akwana ngati mukudziwa kuti kuzizira kwambiri kumachokera pansi. Thupi limapanikiza chofunda chimene mwagonera, ndiye nthaka imayamwa kutentha kwanu usiku wonse. Yalani motere: makatoni ophwasula, pamwamba pake mphasa, kenako matiresi a siponji, ndi bulangete limodzi logonera. Pamwamba mufunde awiri kapena duveti ya pakaunjika. Matiresi opopa mpweya asiyeni. Ndi odula, amabooka ndi minga, ndipo mpweya wa mkati mwake umazizira ngati nthaka yomweyo.

Telala angakusokereni chikwama chogonamo: apinde duveti pakati, asoke kumapazi ndi theka la m'mbali. Kwa ana zimathandiza kwambiri poti amataya zofunda m'tulo. Aliyense agone ndi chipewa chaubweya ndi masokosi ouma, osati amene wayenda nawo masana. Botolo la madzi otentha, lotsekedwa bwino ndi kulowetsedwa m'sokosi, liikeni kumapazi.

Mukapeza chikwama chogonamo chotsika mtengo, werengani nambala yolembedwa "comfort". Ya "extreme" imangotanthauza kuzizira kumene munthu angapulumuke nako, osati kumene angagone tulo. Ku Nyika nyengo imeneyo fufuzani cha comfort ya 0°C kapena kutsikirapo.

Nanga zophikira ndi zosungira ndiwo? Bokosi loziziritsa ndi kachitofu ka tizitini ta gasi n'zofunikadi? Tikupita masiku anayi ku Liwonde, ndipo tikuganiza zodzakweranso Mulanje. — Achimwene a ku Zomba

Kachitofu kaja mtengo wake umakopa, koma ndalama imathera pa tizitini. Kachitini ka magalamu 220 kamatha m'ola limodzi ndi theka kapena kuchepera moto ukakhala waukulu, ndipo sikadzazidwanso. Banja lophika nsima kawiri patsiku lingamalize kamodzi tsiku lililonse. Ngati kunyumba muli ndi silinda ya makilogalamu atatu yokhala ndi mutu wophikirapo, tengani imeneyo, iyende chilili m'galimoto. Apo ayi mbaula yanu ikwana. M'paki musatole nkhuni nokha. Funsani paofesi za malo ololedwa kusonkha moto. Tchingani mphepo ndi lata kapena miyala ndipo vundikirani poto, chifukwa mphepo ndiyo imamaliza makala ndi gasi.

Bokosi loziziritsa bwerekani. Musagule ayezi: dzazani mabotolo a malita awiri, kusiya malo a zala zitatu pamwamba, muwaumitse mufiriji masiku awiri. Amachedwa kusungunuka kusiyana ndi ayezi wophwanya, sanyowetsa chakudya, ndipo akasungunuka ndi madzi akumwa. Bokosilo likhale pamthunzi, lofunditsidwa thumba lonyowa, ndipo ana asamalitsekule pafupipafupi. Kutentha kwa ku Liwonde nyama ndi nkhuku zidyeni tsiku loyamba ndi lachiwiri. Masiku otsalawo ndi a usipa wouma, mazira, soya ndi nyemba. Nyembazo ziviikeni usiku wonse, ziwire kwambiri mphindi 20, kenako kulungani poto wovundikira m'bulangete kwa maola anayi. Zipsa popanda kuwononga makala.

Werengerani munthu aliyense malita asanu patsiku akumwa ndi kuphikira. Kwa anthu anayi ndi chigubu chimodzi cha malita 20 patsiku. Madzi okatunga komweko awiritseni kapena thiranimo WaterGuard monga zalembedwera pabotolo. Chakudya chonse chigone m'galimoto, mawindo otseka. M'tenti chimaitana linthumbu, ndipo anyani ndi apusi amang'amba nsalu pofuna nthochi imodzi. Kumene kuli njovu, zipatso m'tenti ndi ngozi yeniyeni.

Ku Mulanje tenti musanyamule. Paphiripo pali nyumba zogona alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, zokhala ndi mlonda komanso posonkha moto, ndipo zokonzekera zimachitikira ku Likhubula, m'munsi mwa phirilo. Ndalama yanu ipite kwa wolondolera njira ndi onyamula katundu, poti chiperoni chikatseka phirilo njira siioneka.

Mukabwera kuulendo uliwonse, yanikani tenti pamthunzi mpaka iumiretu, sasani mchenga wa m'zipi ndi mswachi wakale, ndipo musaichape ndi sopo waufa chifukwa amachotsa mankhwala oletsa madzi. Yopindidwa ili yonyowa imachita nkhungu m'masiku ochepa. Isungeni momasuka m'thumba lalikulu, lopachikidwa pamalo ouma pomwe makoswe safika.