Windows ikaima pakati mutasintha RAM ndi SSD, musathamangire kudaunilodanso

Akulu, ndawerenga zomwe mwalemba, kuti Dell OptiPlex yanu inali kusewenza bwinobwino, ndiye mwaonjezera RAM ya 8GB pambali pa ya 4GB yomwe inalimo kale, mwaikamo SSD ndi graphics card tsiku limodzi, manje Windows 10 ikukana kulowa, imaima pa "Getting files ready for installation" mpaka mausi osasuntha, ndipo mukufunsa ngati mudaunilode ISO ina, fayilo yoinstolera Windows ija. Musadaunilode kaye, sungani bando yanu, ISO ya Windows 10 imapitirira 5GB ndipo ine ndikuona kuti vuto silili kumeneko.

Chomwe chandigwira mu post yanu ndi pomwe mwanena kuti ulendo wina inaima pa 12%, wina pa 40 chakuti, wina inatsala pang'ono kumaliza. Pamenepo ndiye pali nkhani yonse. Fulashi ikakhala yoonongeka olo ISO ikakhala kuti sinatsike yonse, kompyuta imaima malo amodzi omwewo nthawi zambiri kaili fayilo yovunda ndi imodzi yomweyo, ikafika pamenepo imakanika basi. Koma ikamaima malo osiyanasiyana, lero apa mawa apo, ndiye kuti chilipo mkati mwa makina chomwe sichinakhazikike, ndipo kawirikawiri imakhala RAM, kenako power supply, kenako kutentha. Poinstola Windows imamasula mafayilo akuluakulu opanikizidwa ndipo onse amadutsa mu RAM asanalembedwe pa disk, so RAM yokhala ndi kachilema kakang'ono yomwe mwina simukanaizindikira pa Facebook ndi YouTube imagwidwa pamenepa. Nthawi zina imaponya error 0x8007025D, nthawi zina imangouma chete ngati yanuyo.

Komanso mwasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, zili ngati kuthira feteleza wachilendo, mbewu yachilendo ndi mankhwala achilendo m'munda umodzi, chimanga chikapserera simungaloze chala. Ndiye bwererani m'mbuyo. Zimitsani, zulani chingwe cha malaiti kukhoma, dinani batani loyatsira masekondi angapo kuti moto wotsala uthe, gwirani chitsulo cha kesi musanagwire chilichonse mkati. Chotsani graphics card yonse, monitor muilumikize kumbuyo pa motherboard. Chotsani RAM yatsopano, isiyeni ya 4GB yakale yokha, 4GB imakwana kuinstola Windows 10 popanda vuto. Hard disk yakale izuleni zingwe zonse ziwiri, itsale SSD chabe, izi zimateteza zithunzi ndi mafayilo anu kuti musafufute molakwitsa komanso Windows siyikaika mafayilo ake oyambira pa disk yolakwika. Printer, dongo ya Wi-Fi, chilichonse cha USB chotsani, kutsale kiyibodi, mausi ndi fulashi, ndipo fulashiyo ibayeni kumbuyo osati kutsogolo, pa doko lakuda la USB 2.0 ngati lilipo. Yesani kuinstola. Ikadutsa, mwadziwa kale kuti SSD ndi fulashi zilibe mlandu, kwatsala awiri, RAM yatsopano ndi graphics card.

Tsopano pa RAM ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri kuno timagwera. Ma RAM ambiri omwe timagula, kaya mwaupeza ku Down Shops kaya mwatumiza pa basi kuchokera ku Lusaka olo wina wabwera nao kudzera pa boda ya Mwami, amakhala ozulidwa m'makompyuta ena akale, ndipo wogulitsa nayenso mwina sanauyese, anangoona kuti kompyuta yayaka basi. Werengani stika yomwe ili pa RAM zonse ziwiri. Pakalembedwa PC3 ndi DDR3 ya 1.5V, pakalembedwa PC3L ndi DDR3L ya 1.35V, zimalowa mu slot imodzi yomweyo ndipo m'maso zimaoneka zofanana, koma ma OptiPlex ena monga 3040 ndi 5040 anawapangira DDR3L, mukasakaniza kompyuta imatha kuyaka koma osakhazikika. Onaninso chilembo chomwe chili kumapeto kwa nambala, monga 12800U. U ndi ya desktop wamba, R ndi ya ma server ndipo imeneyo si ya makina anu olo wogulitsa anene bwanji. Kusakaniza 4GB ndi 8GB pakokha si mlandu, zimasewenza nthawi zambiri, koma zikasiyana sipidi ndi kampani mwayi wokangana umakula.

Musanaiweruze kuti yafa, ipukuteni. Fumbi la kuno miyezi ya Seputembala ndi Okutobala mukulidziwa, limalowa paliponse. Tengani labala ya pensulo yoyera, pukutani pang'onopang'ono timano tagolide tija mbali zonse, uzirani mu slot, kenako ikanikizeni mpaka tizitsekero ta m'mbali titseke tokha kuti thapu. RAM yolowa theka imachita ndendende zomwe mukufotokozazo.

Ubwino wa Dell ndi wakuti ili ndi choyesera chake mkati, simufunika intaneti. Poyatsa dinani F12, sankhani Diagnostics, ikafunsa ngati ipitirize kuyesa memory yonse vomerani ndipo muisiye imalize. Ngati mukufuna umboni weniweni ikani MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa fulashi ina, ndi kafayilo kakang'ono sikadya bando, yesani RAM imodzi imodzi payokha, muisiye izungulire maulendo 4. Error olo imodzi chabe ndiye kuti RAM imeneyo ndi yodwala, palibe zoti ndi imodzi yokha tingapirire. Ikapezeka error, isamutseni slot ina muyesenso, kaili nthawi zina slot ndiye yakufa osati RAM. Zonse zikadutsa payokhapayokha koma zikalephera pamodzi ndiye kuti sizigwirizana, khalani ndi ya 8GB yokha, kusiyana kwa 8 ndi 12 pa ntchito za kunyumba simudzakuona kwenikweni.

Graphics card simunatchule kuti ndi iti, koma ngati OptiPlex yanu ndi zija zopyapyala za SFF, power supply yake imakhala yaing'ono, pakati pa 180W ndi 255W kutengera model, ndipo ilibe chingwe cha 6-pin. Slot ya PCIe payokha imapereka 75W pothera. Khadi ngati GTX 1060 imafuna 120W, ndiye anthu amagula tima adaputa tochokera pa chingwe cha SATA nkumati zatheka, ine zimenezo sindimazikonda olo pang'ono, tizingwe timeneto timatentha mpaka kusungunuka. Onjezerani kuti power supply yomweyo yakhala ikumenyedwa ndi malodi shedi ndi low voltage zaka zonsezi, mphamvu yake sili ngati ili yatsopano. Khadi muibwezere pomaliza, Windows italowa kale ndi ma driver ake.

Mu BIOS, momwe muli ma setting a motherboard, F2 poyatsa, bwezerani ma default kaye, kenako pa SATA Operation ikani AHCI chifukwa ma Dell ambiri amabwera ali pa RAID On, ndipo Boot List ikhale UEFI ngati fulashi munaipanga ndi pulogalamu ya Rufus nkusankha GPT. Mukaona deti ndi nthawi zabwerera zaka za m'mbuyo ndiye kuti kabatire ka CR2032 katha, sinthani, ndi kotchipa ndipo kakatha ma setting amabwerera okha mukazima. Za kupanga update BIOS, inde nthawi zina imathandiza makina akale kulandira RAM yaikulu, koma chonde musayambe ngati mulibe UPS olo inverter, malaiti akapita pakati motherboard ikhoza osadzukanso. Imeneyo ikhale njira yothera, osati yoyamba.

Nanga ikaimabe muli ndi RAM yakale yokha ndi SSD? Apo ndiye yang'anani pomwe ikuimira. Ngati ndi malo amodzi omwewo, sinthani fulashi, ISO yomweyo muilembe pa ina, mafulashi abodza olembedwa 64GB koma mkati muli 8GB achuluka maningi, pulogalamu yoyesera mafulashi ya H2testw imawagwira. Ngati sizinasinthe, sinthani chingwe cha SATA ndi doko lake, kenako pa sikirini yoyamba ya setup dinani Shift ndi F10, lembani diskpart, list disk, select disk ndi nambala ya SSD, kenako clean. Clean imafufuta zonse osafunsa kawiri, nchifukwa chake ndati hard disk yakale ikhale yozula. Ndipo gwirani fani ya processor muone ngati simunaigwedeze pomwe munali kulowetsa khadi, heatsink, chitsulo choziziritsa processor chija, ikasuntha pang'ono kutentha kwa masana ano kumaimitsa kompyuta pakati pa ntchito.

Wina mu ma comment wati ingoikani Windows 11. Sizithetsa kanthu, RAM yodwala imaimitsa Windows iliyonse ngakhale Linux. Zoona Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, koma Windows 11 imafuna kachipu ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi processor ya Intel ya 8th gen kupita m'mwamba, ndipo OptiPlex ya DDR3 siifika pamenepo, imeneyo ndi nkhani ina tidzakambe makina akakhazikika.

Jambulani ma stika a RAM zonse ziwiri, stika ya pa power supply ndi nambala ya model kutsogolo kwa kesi muponye pano tione. MemTest ikaonetsa ma error jambulaninso sikirini, mupite nayo kwa yemwe anakugulitsani masiku asanapite ambiri, ndi chithunzi m'manja kusinthitsa sikuvuta.