Spiral ndi nkhata ya Agiriki

Mayi athu a ku Mufakose kuno ku Harare, mwafunsa kuti mawu akuti spiral, amene mwana wanu wabwera nawo kuchokera kusukulu, anachokera kuti, komanso kuti m'Chichewa tingati chiyani. Ndaona ena ayankha kale kuti ife tilibe mawu otere, wina akuti ndi pachibale ndi spirit, mzimu. Pepani abale anga, zonse ziwirizi si zoona, ndipo yoyambayo yandikhudza, chifukwa ana athu kuno ku Harare akukula akumva kuti chinenero cha agogo awo n'choperewera.

Angerezi mawuwa sanapange okha. Anayamba kuwalemba cha m'ma 1550, atawatenga ku Chilatini cha anthu ophunzira a nthawi imeneyo, spiralis. Spiralis anachokera ku spira, ndipo spira Aroma anachita kubwereka kwa Agiriki, amene ankati speira. Kwa Mgiriki, speira chinali chingwe chopota chimene achikulunga n'kuchiika pansi, kapena njoka imene yagona itadzipinda. Za spirit ndi nkhani ina, amenewo amachokera ku spirare, kupuma mpweya. Angofanana kamvekedwe basi, ngati mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika.

Tsopano mayi, tsiku lina mukapita kumsika wa Mbare Musika m'mamawa, mudzaime pang'ono pamene amayi amapikula tomato. Mudzaona mayi akuvula kansalu m'chiuno, akukapota kaye kuti kalimbe, kenako akukazunguliza padzanja kuyambira pakati, kawiri katatu, nsonga n'kuilowetsa pansi. Aika pamutu, mnzake amusenzetsa dengu, ulendo. Chimene wapangacho, m'timasekondi tochepa, ndi chimene Mgiriki ankati speira. Ife timati nkhata. Anzathu a Chishona amati hata, Amandebele ndi Azulu amati inkatha, ndipo mukawatchula motsatizana mumva nokha kuti ndi mawu amodzi ochokera kwa makolo amodzi.

Pali chinthu china chimene chinandidabwitsa nditachidziwa. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndipo speira alimo, koma pamenepo satanthauza chingwe. Pa Machitidwe 10:1, Korneliyo anali mkulu wa asilikali m'gulu lotchedwa la Italiya, ndipo mawu amene Baibulo lathu limati gulu, m'Chigiriki ndi speira. N'chimodzimodzi pa Yohane 18:3, gulu la asilikali limene Yudasi anapita nalo kumunda kuja. Ndiye taonani kummwera kwathu kuno: mafumu a Azulu ankasunga inkatha yaikulu ya udzu ngati chizindikiro chakuti mtundu wonse wamangidwa pamodzi, ndipo n'kumene chipani cha Inkatha, chimene Mangosuthu Buthelezi anayambitsa mu 1975, chinatenga dzina. Agiriki ndi Azulu sanakhale pansi kupangana. Mmene ndikuonera ine, aliyense anangoona kuti udzu umodzi umaduka msanga koma ukapotedwa n'kukulungidwa umasenza katundu, ndiye akafuna kutchula anthu ogwirana anatenga mawu omwewo.

Zinenero za ku Ulaya zambiri zinangotengera Chilatini chija. Afalansa amati spirale, Ajeremani Spirale, m'Chiafrikaans spiraal. Apwitikizi a ku Mozambique amati espiral, chifukwa lilime lawo limafuna e kutsogolo kwa mawu otere, monga mmene schola anasandukira escola. Ifenso timachita zofanana tikamati sukulu, sitolo, supuni, kungoti ife timalowetsa pakati.

Zokoma zili kwa amene sanabwereke. Aarabu amati halazuni, kuchokera ku halazun, nkhono. Atchaina amati luoxuan, ndipo amalemba ndi zilembo ziwiri, choyamba nkhono, chachiwiri kuzungulira. Ajapani anatenga zilembo zomwezo n'kumawerenga rasen, koma ali ndi awoawo, uzumaki, madzi ozungulira ngati amene mumaona pamtsinje wodzaza. Ku Iran amati marpich: mar ndi njoka, pich ndi kupota. Palibe mtundu umene unayamba ndi mawu a m'buku la masamu. Wina anayang'ana chingwe, wina nkhono, wina njoka, wina madzi. Nanga ife amene tili ndi nkhata, chigoba cha nkhono, kamvulumvulu wa m'chilimwe ndi bongololo amene amadzikulunga ukangomukhudza ndi kamtengo, tingati bwanji tilibe?

Kuti mwana asakasokonezeke m'kalasi, mumuuze kuti zozungulirazi zili mitundu iwiri. Pali yogona pansi, yoyambira pakati n'kumakula kupita kunja, ngati koyilo wa udzudzu kapena mbale ya chitofu chamagetsi ija imafiira ikatentha. Imeneyo ndiye spiral weniweni. Pali ina yokwera m'mwamba osakula, ngati mazinga a bawuti kapena waya amene amamangira mapepala m'mashopu a fotokope m'tauni. Imeneyo a masamu amati helix, ngakhale a m'shopuwo amaitchabe spiral. Chodabwitsa n'chakuti Archimedes, katswiri wa masamu wa Chigiriki wa ku Syracuse, amene analemba za mzere wogona uja zaka pafupifupi 225 Yesu asanabadwe, iye ankautcha helix. Mayina anadzasinthana pambuyo pake. Helix yemweyo ali mu helikopita: heliko kuphatikiza pteron, phiko. Phiko lozungulira.

Speira mumakumananso naye kuchipatala osadziwa. Asipirini, amene kampani ya Bayer inamupatsa dzina mu 1899, spir wapakatiyo anachokera ku chomera chotchedwa Spiraea, ndipo dzina la chomeracho gwero lake ndi speira. Njira yolerera imene amayi kwathu amati lupu, ku Germany ndi ku Russia anthu amangoitchula kuti spiral. Ndipo amene tinali kuno mu 2008, mitengo ikukwera m'mawa n'kukweranso madzulo, timakumbukira manyuzipepala akulemba mawu omwewa akuti spiral: mitengo ikwera, malipiro akwera, mitengo ikweranso, ulendo uliwonse bwalo likukulirakulira.

Ndivomere chinthu chimodzi: nkhata yokha siikwanira paliponse, chifukwa nkhata ya maluwa imene timaika pamanda ndi yongozungulira kamodzi, mutu ndi mchira n'kukumana. Ndiye aphunzitsi akafuna tanthauzo, mwana alembe kuti ndi mzere wozungulira woyambira pakati, umene umapita ukutalikira pakatipo osakumana ndi pomwe unayambira, ngati nkhata ya nsalu kapena chigoba cha nkhono. Ngati akufuna chitsanzo cha kuno ku Zimbabwe, atchule ndoro, chokongoletsera choyera chimene mafumu ndi masvikiro, anthu olankhulira mizimu ya makolo, ankavala. Ankachidula kutsinde kwa chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere, ndipo mzere wozungulirawo umaonekera bwinobwino pankhope pake. Madzulo ano mumupatse chitenje apinde yekha nkhata, kenako aike pepala pambali ajambule mmene nsalu yayendera kuchokera pakati.