Sienta ikulira mmawa, ikatentha ikukana: yankho kwa achimwene a ku Chibavi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Akuti ali ndi galimoto ya Toyota Sienta ya 2008, mmawa imalira kamodzin'kamodzi olo kukhale kuzizira kwa June kuja, koma akapita nayo ku Nkhata Bay n'kubwerako, akangoimika pa msika wa Taifa kwa mphindi 10 basi yakana. Sitata ikuzungulira bhobho koma injini osagwira, fungo la petulo lili phuu, mpaka adikire theka la ola. Batire asintha, mapulagi asintha, pano makaniko wina wawauza kuti ndi sensa ya temperecha ndiye akufunsa kuti agule kapena ayi.

Achimwene, musagule kaye. Makanikoyo mwina akunena zoona, koma mwawononga kale ndalama pa batire lomwe linalibe mlandu, ndiye ulendo uno tiyeni tiyeze tisanatulutse ina.

Kasensa kameneka kamakhala konyikidwa m'madzi a injini, ntchito yake n'kuuza kompyuta ya galimoto kuti injini yatentha bwanji. Kompyuta imakatumizira magetsi a 5V, ndipo resistance ya kasensako (mphamvu yokaniza magetsi kudutsa, yomwe amaiyeza mu ohms) imatsika madzi akamatentha. Pa ma Toyota ambiri imakhala cha m'ma 2,400 ohms madzi ali pa 20 digiri, akafika pa 80 imatsika mpaka cha m'ma 300. Injini yozizira imafuna petulo wambiri kuti ilire, yotentha imafuna wochepa. Ndiye tangoganizani sensa ikunama kuti kuli chisanu cha ku Chikangawa chikhalirecho mwangokwera kumene mitunda ya ku Nkhata Bay ija, kompyuta imangokhuthula petulo, mapulagi n'kunyowa, moto osagwira. Mmawa bodzalo silioneka poti injini imakhala yoziziradi. N'chifukwa chake nkhani yanuyi ikuloza konko, makamaka ngati mwaonanso kuti mafuta akutha msanga komanso ikalira ikutulutsa kautsi kakuda.

Yambani ndi zaulere. Ikadzakananso, pondani moto mpaka pansi, gwirani pompo n'kuliza. Magalimoto ambiri amadula petulo ukatero, ndiye ikagwira mokhosomola mudziwe kuti inakhuta petulo. Mukhozanso kumasula pulagi imodzi nthawi yomweyo, ikatuluka yakuda, yonyowa, yonunkha petulo, umboni ndi umenewo.

Kenako pitani kwa munthu amene ali ndi makina a diagnosis, koma musalole kuti angowerenga ma code (nambala za mavuto zomwe kompyuta imasunga) n'kukuuzani kuti zonse zili bwino. Ma code a sensa imeneyi ndi P0115 mpaka P0118, koma amabwera kwambiri waya akaduka kapena akagundana. Waya woduka pa Toyota amaonetsa -40 digiri. Sensa yongonama pang'ono, yonena 30 pomwe injini ili pa 90, nthawi zambiri siyatsa check engine chifukwa kwa kompyuta 30 ndi nambala yomveka. Auzeni atsegule live data, pomwe pamaoneka nambala zomwe masensa akunena nthawi yomweyo. Galimoto itagona usiku wonse, temperecha ya madzi ndi ya mpweya wolowa mu injini zikuyenera kuyandikana, kusiyana madigiri awiri atatu basi. Ndiye ilizeni muziyang'ana nambalayo ikukwera pang'onopang'ono mpaka kudutsa 80, isamadumphedumphe. Mugwedezenso mawaya a pa sensapo uku mukuyang'ana.

Za kugwedeza mawayazi ndinaziphunzira mowawa. Ka Vitz kanga kanandichita zomwezi zaka zapitazo, ndinathamangira ku shopu ina ya masipeya m'tauni muno, kugula sensa, kumanga, mawa lake kanandikanira pa Katoto dzuwa likuswa mtengo, anyamata a kabaza akundiseka. Titazula soketi yake kuyang'ana mkati, timapini tiwiri tija tinali tobiriwira ngati ndere za pa chitsime. Dzimbiri limenelo limawonjezera resistance, kompyuta n'kumaona ngati madzi ngozizira. Tinangopala ndi kasandipepa, kupopera contact cleaner, kufinya timapinito kuti tizigwira, nkhani inathera pompo. Sensa yakale ija ndikadali nayo mu dirowa, ndinaiyeza ndi multimeter m'kapu ya madzi otentha, ilibe vuto lililonse.

Nanga nambala zikapezeka zili bwino? Wachiwiri amene ndimamukayikira fungo la petulo likakhalapo ndi injekita (kopopera petulo mu injini) yodontha. Mukazimitsa injini imapitiriza kudonthezera mkati, mukabwera pakatha mphindi 10 mwapeza yasefukira. Izi amayeza ndi geji ya presha ya mafuta, kuona ngati presha ikugwa msanga injini itazima. Pampu ya mu thanki nayo ikatopa imataya presha, koma imeneyo kawirikawiri ukatembenuza kiyi kawiri katatu usanalize imagwira. Palinso crank sensor, youza kompyuta kuti injini ikuzungulira, yomwe imakonda kufa ikatentha n'kudzuka ikazizira, koma iyo ikafa moto ndi petulo zonse zimaima, pa makina a diagnosis rpm (liwiro la injini) imangokhala pa 0 sitata ikuzungulira, ndiye fungo lanulo silikugwirizana nayo kwenikweni.

China chomwe chimandinyansa: afunseni amene anaigwirapo kale galimotoyi ngati thermostat (kavavu kotseka madzi kuti asapite ku radiyeta injini isanatenthe) ilimo. Chizolowezi chochotsa thermostat ati galimoto za ku Japan sizinapangidwire kotentha kuno ndi chabodza, ndipo ku Mzuzu kuno ndiye chopweteka zedi, injini imachedwa kufika pa temperecha yake, n'kumangomwa mafuta. Madzi a pa mpope kapena a pa mjigo m'malo mwa coolant (madzi a mankhwala oziziritsa injini) nawonso amachititsa dzimbiri mpaka kukuta nsonga ya sensa.

Zikatsimikizika kuti ndi sensayo, tengani yakaleyo popita kogula kuti mufananize soketi ndi mazinga, ndipo mugule ya Denso ngati thumba likulola. Musinthe injini itaziziratu, chivindikiro cha radiyeta osachikhudza ikadali yotentha, chimawaula nkhope. Mukamanga wonjezerani coolant n'kutulutsa mpweya wotsalira, apo ayi sensa yatsopanoyo idzakhala m'mpweya n'kumanamanso.

Nditumizireni nambala ziwiri za temperecha ya madzi achimwene, ya mmawa musanalize ndi ya nthawi imene yakanayo, tionere limodzi.