Sin 30°, cos 60° ndi anzawo: muzijambula m'malo moloweza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anabwerera kusukulu atakula kale, ndipo akukonzekera mayeso a MSCE. Analemba kuti tebulo la sin ndi cos la 30°, 45° ndi 60° amaliloweza usiku, koma kukacha lonse latuluka m'mutu. Funso likangonena kuti asagwiritse ntchito kakyuleta, amangoti kakasi. Anandipatsanso funso lomwe linawagonjetsa: (cos 30° + sin 60°) ÷ sin 45°.

Mayi, tebulolo lisiyeni kaye. Manambala onse amene alimo amachokera m'mathirayango awiri okha, ndipo mukhoza kuwajambula pakona ya pepala lanu la mayeso musanayambe n'komwe kuyankha.

Woyamba ndi thirayango wa mbali zitatu zofanana, iliyonse yotalika 2. Ngodya zake zonse ndi 60°, pakuti zitatu pamodzi zimakwana 180°. Tsopano mudule pakati, kuchokera pansonga kutsikira pansi, monga mmene mumadulira chigumu kuti ana awiri asakangane. Tengani theka limodzi. Mbali yapansi yatsala 1, yopendekera ija idakali 2, ngodya yapamwamba yagawika n'kukhala 30°, ndipo pamene mzere mwadulawo wakumana ndi mbali yapansi pali ngodya ya 90°. Kutalika kwa mzere mwadulawo kumapezeka ndi lamulo la Pythagoras: 2 × 2 ndi 4, 1 × 1 ndi 1, ndipo 4 kuchotsapo 1 ndi 3, ndiye mzerewo ndi √3.

Sin ndi mbali yoyang'anizana ndi ngodya, kugawa ndi mbali yaitali kuposa zonse, ija m'kalasi mumaitcha hypotenuse. Cos ndi mbali yogundana ndi ngodya, kugawanso ndi yaitaliyo. Imani pa 30° muyang'ane kutsidya: mukuona 1. Choncho sin 30° ndi 1/2, ndipo cos 30° ndi √3/2. Mukasamukira pa 60°, imene inali kutsidya yabwera pafupi, ya pafupi yapita kutsidya. Sin 60° ndi √3/2, cos 60° ndi 1/2. N'chifukwa chake sin 30° ndi cos 60° zimafanana. Ndi mbali imodzi yomweyo, mwangoiona mutaima kwina.

Wachiwiri ndi wosavuta. Sikweya ya mbali 1, idulani kuchokera pakona kupita pakona inzake. Theka limodzi ndi thirayango wa ngodya ziwiri za 45°. Mbali zake ndi 1, 1 ndi √2, ndipo sin 45° ndi cos 45° zonse ndi 1/√2, zomwe mabuku ena amalemba √2/2. Ndi nambala imodzi.

Tibwerere ku funso lanu. Cos 30° ndi √3/2, sin 60° ndi √3/2 yomweyo. Matheka awiri a √3 akaphatikizana akupereka √3 wathunthu. Ndiye tili ndi √3 ÷ (1/√2). Kugawa ndi fulakishoni n'chimodzimodzi kuitembenuza n'kuchulukitsa: √3 × √2 = √6. Yankho ndi √6, ndipo muisiye choncho. Funso likakana kakyuleta, wochonga akufuna kuona surd, nambala yokhala ndi chizindikiro cha √ ngati √6, osati 2.449.

Kunena zoona, ambiri amene ndawaphunzitsa sagwa pa sin kapena cos. Amagwa pa mafulakishoni a ku pulayimale, pa mzere wotembenuza uja. Ngati pamenepo pamakuvutani, bwererani mukapakonze, palibe manyazi.

Pali misampha iwiri imene ndimaiona chaka ndi chaka. Wina amaganiza kuti popeza 60 ndi 30 kawiri, sin 60° ndi sin 30° kawiri. Ayi. Sin 30° kawiri ndi 1, pomwe sin 60° ndi pafupifupi 0.866. Msampha wachiwiri ndi kanambala kakang'ono ka 2 mu sin² 45°. Kameneka kakutanthauza kuti pezani kaye sin 45°, kenako muichulukitse ndi iyo yomwe: 1/√2 × 1/√2 = 1/2. Ngodyayo musaikhudze.

Za 0° ndi 90° ganizirani makwerero. Atagona pansi sakwera khoma ngakhale pang'ono, sin 0° ndi 0. Ataima chilili, utali wawo wonse uli m'mwamba, sin 90° ndi 1. Cos imayenda mobwerera: 1 pa 0°, 0 pa 90°. Makwerero a mamita 4 otsamira khoma, opanga ngodya ya 60° ndi pansi, phazi lake limakhala mamita 2 kuchokera pakhomapo, chifukwa 4 × cos 60° ndi 2.

Mukamayeserera kunyumba n'kufuna kutsimikiza yankho, onetsetsani kuti kakyuleta ikuonetsa D kapena DEG pamwamba, kutanthauza kuti ikuyeza ngodya m'madigiri. Dinani sin 30. Ikakupatsani −0.988 m'malo mwa 0.5, ili pa RAD, muyeso wina wa ngodya, mwina ana anaiseweretsa.

Usiku uno yesani ili: 2 sin 30° cos 30°. Mukapeza yankho, liyerekezeni ndi sin 60°, ndipo mundilembere zimene mwaona.