Musanagule timphira tina, yezani kaye nsonga ya ndodoyo

Achemwali, mwafunsa kuti kamphira ka kunsonga kwa ndodo yanu yokwerera phiri kasowa, kenako ka ndodo inayo kang'ambika, ndiye kodi timphira timeneti n'tofanana tonse, nanga mungatipeze kuti. Mtima m'malo, ndodozo sizinawonongeke. Kamphirako ndi chipewa chabe. Nsonga yeniyeni ndi kachitsulo kakang'ono kamene mukukaona tsopano, ndipo pa ndodo zambiri kamakhala ka tungsten carbide, chitsulo cholimba chija amaika kumutu kwa zoboolera konkire. Chimatenga zaka kuti chithe, pomwe kamphira kamadyeka ngati chidendene cha nsapato.

Zoti n'tofanana, ayi ndithu. Ine ndinaluza ndalama pa nkhani yomweyi. Ndinatuma msuweni wanga wa ku Johannesburg kuti andigulire, osamuuza kukula kwake, iye n'kubwera ndi paketi ya timphira tokongola koma tokhwepa. Ndinatikakamiza pokulunga tepi yakuda ya amagetsi kunsongako. Tsiku lomwe tinkakwera phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe kunali kutagwa mvula usiku, ndiye ndodo italowa m'matope ndinamva kuti "phwa", n'kutuluka yopanda chipewa. Ndinapisa dzanja m'matopemo mpaka m'chigongono, anzanga akundiseka, koma kamphirako kali komweko mpaka lero.

Timphira tambiri ta ndodo zotere timakhala ndi bowo la mamilimita 11 kapena 12, ndipo kusiyana kwa milimita imodzi yokhayo n'kokwanira kuti kagwe kapena kakane kulowa. Makampani ngati Leki ya ku Germany, Komperdell ya ku Austria ndi Black Diamond ya ku America amapanga timphira toyenerana ndi nsonga za ndodo zawo. Choncho ngati dzina likuwerengeka pa ndodo yanu, muuzeni wokugulirani dzinalo. Ngati linafufutika, monga zimakhalira ndi katundu wa pa kaunjika, tengani rula muyeze kunenepa kwa pulasitiki yomwe yagwira kachitsulo kaja, chifukwa kamphira kamagwira pamenepo, osati pa kachitsulo. Kuposa zonse, nyamulani ndodoyo popita kokagula, muveke pomwepo, mukoke mwamphamvu. Kakavuka mosavuta m'sitolo, m'matope sikatha ngakhale ola limodzi.

Musanalipire, suzumirani m'bowomo. Kabwino kamakhala ndi kachitsulo kozungulira pansi pake, ngati kandalama kakang'ono. Popanda kameneko nsonga ija imaboola mphira pang'onopang'ono nthawi iliyonse mukatsamira, mpaka tsiku lina imatulukira kunja. Ndikuganiza kuti n'zimene zachitikira kanu kong'ambikako. Kakakhala kothina, kaviikeni m'madzi otentha kwa mphindi zingapo kuti kafewe, muveke, kenako mugogode ndodoyo pasimenti kawiri katatu. Guluu musaike, chifukwa kamafunika kuvula.

Ndipo apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, ine ndemwe poyamba. Timaganiza kuti kamphira kayenera kukhala pa ndodo nthawi zonse. Ntchito yake ili pamsewu wa tala, pasimenti, ndi pathanthwe louma, pomwe chitsulo chimangoti "kwe, kwe, kwe", kumaterereka komanso kukanda miyala. Koma panjira ya dothi, pamatope, pa udzu wonyowa kapena pa masamba a paini ngati a ku Zomba kuja, vulani muike m'thumba. Chitsulo chimaluma nthaka, mphira amangotsetsereka pamwamba. Pathanthwe lonyowa la ndere musakakhulupirire n'komwe kamphirako, ndinaonapo munthu atakhala pansi mwadzidzidzi, ndodo ili uko iye ali uku. Za ku Sapitwa, pamwamba penipeni pa phiri la Mulanje, pa mamita 3,002 paja, chigawo chomaliza kuchokera ku kanyumba kogona okwera phiri ka ku Chisepo chimafuna manja onse awiri, ndiye ndodo zimangopindidwa n'kumangidwa pachikwama. Pamenepo mpomwe kamphira kamathandizanso, kuti nsonga isaboole chikwama kapena kulasa mnzanu amene ali pambuyo.

Kumaiko ena si nkhani yosankha. Ku Peru, pa njira yakale ya anthu a mtundu wa Ainka yopita ku mabwinja a mzinda wawo wa Machu Picchu, salola ndodo ya nsonga yachitsulo yopanda mphira, poteteza miyala yomwe inayalidwa zaka mazanamazana zapitazo.

Pogula mudzaonanso timphira tina topendekeka, tooneka ngati kansapato ka mwana. Timeneto n'ta anthu oyenda mothamangirako pamsewu pochita masewera olimbitsa thupi, amene amakankhira ndodo kumbuyo. Kuphiri tengani tozungulira wamba.

Kopeza kwake kuno n'kovutirapo. Sitolo zogulitsa katundu wokwerera mapiri n'zochepa, ndiye njira yachidule ndi kutuma wachibale amene akubwera kuchokera ku Joni kapena ku Mangalande, kapena kuitanitsa pa intaneti. Muuzeni agule tinayi kapena kupitirira, n'topepuka ndipo timasowa ngati masokosi. Podikira, pitani kwa osoka nsapato pamsika. Wina anandidulira chidutswa cha tayala lakale, n'kuchiboola pakati, n'kuchimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Sichinali chokongola, koma ndinayenda nacho pamsewu miyezi ingapo.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni, poti mwatchula kuti amayi anu amabwereka ndodoyi popita kutchalitchi. Ndodo ya munthu wamkulu kapena wodwala mwendo ndi nkhani ina. Timphira take n'tokulirapo, tambiri timakhala ta mamilimita 16, 19, 22 kapena 25, tophwatalala pansi ndiponso ta mizeremizere kuti tigwire simenti. Timapezeka m'mafamase ena ndi m'malo ogulitsa ndodo za olumala. Kwa iwo za tayala zija musayese, ndipo musawalole kuyenda ndi nsonga yachitsulo pa simenti yopolishidwa kapena pa matailosi, amaterereka ngati pa therere. Muziitembenuza ndodo yawo kamodzi pamwezi n'kuyang'ana pansi pake. Mizere ija ikafufutika, kapena mphira akadyeka mbali imodzi, sinthani sabata yomweyo, musadikire kuti chitsulo chionekere.

Jambulani nsonga ya ndodo yanuyo mutaigundiza ndi rula, mutumize pano, tikuuzani saizi yoti muitanitse.