Huawei yopanda Google ija inandiliza ine

Achemwali, mwafunsa ngati mugule foni ya Huawei imene akuti yatsika mtengo. Musanapereke ndalama pa foni imeneyo, iyatseni kaye muone ndi maso anu ngati muli Play Store. Ine zinandigwera mu 2020 ku Johannesburg, mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa. Mnyamata wa mushopu ina m'tauni anandinyengerera kuti ndisiye foni yanga yakale, ndiwonjezere ndalama, nditenge P40 lite yatsopano. Ndinamufunsa bwinobwino ngati zinthu zanga zonse zibwerere. Iye amvekere, "Zonse zilimo mayi, musadandaule." Yakale ija anaifufuta ndili pomwepo.

Ine ndimaoda nsapato ndi mabulangete n'kumatumiza ku Lilongwe, ndipo basi inkanyamuka m'mawa mwake. Ndafika kunyumba usiku, kutsegula foni, Play Store mulibe, Gmail mulibe, manambala onse mulibe. WhatsApp ndinaiika movutikira, koma backup yanga inali pa Google Drive ndipo foniyo sinkaiona n'komwe. Maoda a anthu, saizi ya nsapato ya mwana wa uje, zithunzi za malisiti, amene analipira ndi amene ali ndi ngongole, zonse zinali mmenemo. Ndinakhala pansi pa simenti pakati pa zikwama, cholembera chili m'manja, osadziwa kuti chikwama ichi ndilembepo dzina la ndani. Manja ankanjenjemera. Nambala imene ndinkaidziwa pamtima inali ya mayi anga okha kumudzi, ndiye akanandithandiza chiyani pakati pa usiku? Basi inandisiya. Mmene ndinkabwereka foni ya mnzanga n'kubweza mauthenga aja, ena anali atayamba kale kunditchula wakuba.

Nditabwerera kushopu, mnyamata uja anangoseka, ati kafunseni Trump. Munthu woipa mtima! Mnyamatayo ankadziwa zonse, chifukwa nkhaniyi inayamba mu May 2019 pamene boma la America linaletsa makampani ake kuchita malonda ndi Huawei popanda chilolezo, ponena kuti China ikhoza kumazonda anthu kudzera pa zipangizo zake, zomwe Huawei imakana. Google inamvera lamulo, ndiye mafoni atsopano a Huawei kuyambira pa Mate 30 anayamba kutuluka opanda mapulogalamu ake. Britain nayo mu 2020 inalamula kuti zipangizo za Huawei zichotsedwe pa netiweki ya mafoni ya 5G pofika 2027. Komatu China nayonso inatseka Google, Facebook ndi WhatsApp kwawoko. Ku Ulaya mu 2023 analipiritsa Meta, kampani ya Facebook ndi WhatsApp, chindapusa cha mayuro 1.2 biliyoni chifukwa chotumiza data ya anthu awo ku America. Aliyense akulondera data ya anthu ake, nanga ifeyo amatifunsa ndani? Kwathu National Data Centre ya ku Blantyre inamangidwa ndi Huawei, pomwe manambala athu ali ku Google. Akakangana uko, ovutika ndife ogulitsa mabulangete.

Ndiye ine ndikuti musagule, makamaka ngati bizinesi yanu ili pa WhatsApp. Komabe kunena zoona, batire lake limakhalitsa, kamera ndi yabwino, ndipo ndikulemba izi pa foni yomweyo. Ngati mtengo watsikadi, tengani, AppGallery, yomwe ndi Play Store ya Huawei, ili ndi zambiri masiku ano. Koma yakale musaisiye kushopu, ndipo manambala a makasitomala mulembe kaye m'kope.