Kodi magetsi timapanga kapena timapukusa?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi. Pa wailesi amanena kuti "kampani yopukusa magetsi", koma m'makope tinalemba "kupanga magetsi". Ana andifunsa kuti cholondola n'chiti. Kodi magetsi ndi chinthu choti n'kupukusa?

Yankho: Aphunzitsi, mawu onsewo ndi Chichewa chabwino, koma sikuti amalowa paliponse mofanana. Kupukusa ndi kuzunguza chinthu chili pamalo amodzi, ndipo amene anayamba kunena kuti "kupukusa magetsi" anawaona bwino makinawo. M'kati mwa jenereta muli maginito ndi waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri. Mu 1831 Michael Faraday wa ku England anaonetsa kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wotereyu, m'wayamo mumayamba kuyenda magetsi. Mpaka lero magetsi ambiri padziko amachokera pa nzeru imeneyi. Chimasiyana ndi chokankhacho basi: kwina ndi madzi otsika mwaliwiro kuchokera m'damu, kwina ndi mphepo, kwinanso ndi nthunzi ya madzi owiritsidwa ndi malasha, gasi kapena mphamvu ya nyukiliya. Zonsezi zimawomba mapiko a makina otchedwa tabaini, tabainiyo n'kumazunguza maginito aja.

Mwana wochenjera anena kuti chikupukusidwa ndi makina, osati magetsi. Mumuyamikire, kenako mumufunse kuti tikamati "kukumba dzenje", khasu likukumba chiyani. Likukumba dothi, dzenje ndi chotsatira chake. Chichewa chimalola mneni kutenga chinthu chimene chatuluka pa ntchitoyo, monganso timati kuumba njerwa ndi kuboola chibowo.

Pamene ndimakana mawuwa ndi pa sola. Pa bolodi la sola palibe chimene chimazungulira. Kuwala kwa dzuwa kukafika pa silikoni wa m'bolodimo, magetsi amayamba kuyenda popanda phokoso n'komwe. Apo lembani "kupanga magetsi", chifukwa mukati "kupukusa" mwana aziganiza kuti m'katimo muli gudumu.

Funso: "Magetsi athima" ndi "athimitsa magetsi", pali kusiyana? Ndamvanso wina akuti "magetsi yapita".

Yankho: "Yapita" ayi. Magetsi ali m'gulu limodzi ndi madzi ndi mafuta, choncho timati apita, abwera, athima. Getsi limodzi ndi lija lili kudengali, ndipo limenelo timati lathima.

Kusiyana kwa kuthima ndi kuthimitsa ndi kwenikweni, ndipo atolankhani ndikuwapempha kuti azikusamala. Mtengo ukagwera nthambo kapena mphezi ikawononga thiransifoma, magetsi athima. Koma pali kuthima kwina kochita kukonza. Magetsi a m'nthambo amapangidwa nthawi yomweyo imene akugwiritsidwa ntchito, sadikira m'mawaya. Madzulo nyumba zambiri zikayatsa zipangizo nthawi imodzi mpaka kupitirira zimene makina angakwanitse, majenereta amalemedwa n'kuyamba kufooka. Pofuna kuti dera lonse lisakhale mumdima, oyang'anira amadula madera ena mosinthanasinthana. Pamenepo pali munthu wagwira switchi, ndiye nenani kuti athimitsa. Wowerenga adziwe ngati kwagwa ngozi kapena ndi dongosolo.

Funso: Ndikumasulira kapepala kochenjeza anthu. Kodi ndingalembe kuti thiransifoma "imawonjezera magetsi"? Nanga volt ndi watt, zonse ndingoti mphamvu?

Yankho: Musatero chonde. Mawu oti mphamvu tawasenzetsa katundu wambiri, ndipo pa kapepala kochenjeza kusokoneza kotere kungapweteketse munthu. Ganizirani madzi m'paipi. Mavolti ali ngati kukankha kwa madziwo, pamene mawati akunena kukula kwa ntchito imene chipangizo chikugwira panthawiyo. Ndimalemba "mavolti", osati "mavoti", kuopa kusokoneza ndi aja a pachisankho. Maina onsewa anachokera kwa anthu, Alessandro Volta ndi James Watt, choncho palibe chifukwa chowasakira mawu ena.

Thiransifoma siwonjezera magetsi ngakhale pang'ono, imakweza kapena kutsitsa mavolti. Magetsi akamayenda mtunda wautali, ena amatayika potenthetsa waya. Kukweza mavolti kumachepetsa kutayikako, n'chifukwa chake akangotuluka kopangira amawakweza kufika 132,000 kapena 400,000 n'kuwayendetsa pa nsanja zazitali zachitsulo zija. Akayandikira tauni amawatsitsa kufika 33,000 kapena 11,000, omwe amayenda pa mapolo a m'misewu. Thiransifoma yomaliza, ija imalira mwapansipansi pafupi ndi nyumba, imawatsitsa kufika pafupifupi 230 m'maiko ambiri, kapena 120 ku America. Mafakitale akuluakulu kawirikawiri amalandira mavolti okwera n'kukhala ndi thiransifoma yawoyawo.

Pa kapepala kanuko lembani kuti "Nthambo izi zili ndi mavolti 11,000, musayandikire." Ndikuti musayandikire, osati musakhudze chabe, chifukwa mavolti akakwera chonchi magetsi amatha kudumpha mpata n'kumugwira munthu asanakhudze waya. Mukafika pa mita, gwiritsani ntchito mawu amene anthu anazolowera kale, mayunitsi. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi: ayironi ya mawati 1,000 imaimaliza pa ola, pamene babu la mawati 10 limayaka nayo maola 100.